Mayina Amene Achimwene Anakana Kulemba

Nakuru, Kenya
6 Januwale 1993

Okondedwa achimwene a Zaveriyo Lubyayi,

Ndagwada pansi, landirani moni wanga. Muli bwanji kwathu ku Bisanje? Alamu anga a Nanyanzi ali bwanji, ndi ana onse? Nanga azakhali a Polina, bondo lija linawasiya? Kuno tilipo, ine ndi mwana wanu Nakitto.

Achimwene, ndili ndi pempho. Chipatala chimene ndimagwirako unamwino chandisankha kuti ndikaphunzire uzamba ku Nairobi miyezi inayi, kuyambira mu Epulo. Mwayi umenewu ndaudikira zaka zisanu ndi chimodzi. Koma kogona kumeneko salola ana. Kwa abale a malemu bambo ake sindingamutumize, mukudziwa kuti chichokereni pa maliro a Kasule iwo ndi ine sitilonjerana. Ndiye ndikupempha kuti Nakitto adzakhale kwa inu amalume ake mpaka ndimalize.

Chikundidetsa nkhawa ndi ichi. Mwanayu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anabadwira m'tauni muno, tchire sakulidziwa. Amayankhula Chiswahili ndi Chingerezi, Chiganda chathu amangodziwa moni. Ndipo ndi mwana woti chilichonse chofiira, chilichonse chonyezimira, watola waponya m'kamwa. Mwezi watha ku wodi kwathu kunamwalira kamtsikana ka msinkhu wake komwe, kanatafuna njere za m'tchire pocheza kwa agogo ake. Mayi ake atafunsidwa kuti kadya chiyani, sanathe kutchula ngakhale dzina. Chichitikireni zimenezo mtima wanga suli m'malo.

Ine ndinachoka kwathu ndili kamtsikana, nthawi ya nkhondo ija, ndipo mayina ambiri a zomera anandithawa. Ndikukumbukako amaduudu, aja a maluwa oyera ngati lipenga omera kuseri kwa khola. Ndikukumbukanso kuti malemu amayi ankatikalipira chifukwa cha chitsamba china cha kumpanda, cha tizipatso tofiira ta m'phava, koma dzina lake ndaliyesayesa, latayika.

Chonde tsono, ndilembereni mayina a Chiganda a zonse zachiphe zimene zili pakhomo pathu ndi kumunda, zomera ndi zilombo zomwe. Mulembe maonekedwe ake, pamene zimamera, mbali imene ili yoopsa, kaya masamba, mizu kapena njere, ndiponso kuti ndi zingati zimene zingaphe mwana kapena munthu wamkulu. Ndikufuna ndimuphunzitse asananyamuke, kuti wina akadzakuwa dzina, iye adzadziwe kuti athawe.

Ndakutumizirani shuga makilo awiri, masamba a tiyi, sopo, ndi nsalu ya azakhali. Yankhani msanga, masiku akuthamanga.

Ine mchemwali wanu,
Gaudensia Nabukenya


Bisanje, Masaka
2 Febuluwale 1993

Mchemwali wanga Gaudensia,

Takondwa kumva kuti muli moyo. Ifenso tilipo, Mulungu akutisunga. Bondo la azakhali likadali choncho, koma pakamwa pawo ndi pamoyo ndithu.

Mvula yachedwa. Khofi wa kumtunda wachita maluwa bwino, koma nthochi za kudambo zagwidwa ndi tizilombo, matoke, nthochi zathu zophika zija, chaka chino tidya mopimira. Mbuzi yakuda ija yabereka awiri. Kutchalitchi andisankhanso kukhala wapampando wa komiti yomanga, ndinakana koma anthu anaumirira. Katundu wako anafika, sopo tikugwiritsa ntchito.

Mwanayo abwere. Pano ndi pa amalume ake, safunika kupempha. Tidzamulembetsa kusukulu pamodzi ndi anzake.

Tsopano za pa tsamba lachiwiri la kalata yako. Gaudensia, sukulu yonse unapita ija, nzeru inapita kuti? Zinthu zimenezo sizilembedwa. Ine ndakhala pamudzi pano zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, sindinamvepo munthu wabwinobwino akufunsa kuti ndi njere zingati zingaphe munthu wamkulu. Makalata athu amadutsa m'bokosi la parishi, amagwidwa ndi manja ambiri. Uganize pepala lotero, lolembedwa ndi dzanja langa, lopita kwa iwe, iwe amene ukudziwa zimene anthu ananena. Litagwera kwa anthu, ine nkhope ndingaiike pati?

Ana a pano amakula osawalembera kalikonse, ndipo akukula ndithu. Wakonso tidzamuyang'anira, maso tili nawo. Nkhani imeneyi ithere pomwepa, usadzailembenso.

Mlamu wako akupereka moni. Ukamabwera naye mwanayo undigulireko mabatire a wailesi, a kuno satha sabata.

Ndine mchimwene wako,
Z. Lubyayi


Nakuru
20 Febuluwale 1993

Achimwene,

Moni kwa nonse. Ndayembekeza masabata asanu ndi limodzi, tsiku lililonse kupita kupositi, ndipo chimene ndalandira ndi mbuzi yakuda ndi komiti yomanga. Abale inu!

Popeza mukuzungulira, nditchule ndine. Abale a Kasule ananena pa maliro kuti ndinamuthirira chiphe mu tiyi, chifukwa anagwa atangoika kapu pansi, ndipo ine ndine namwino wodziwa mankhwala. Kasule anafa ndi kuthamanga kwa magazi. Mapiritsi ankawabisa pansi pa matiresi, ati amamufooketsa. Pepala la dokotala ndili nalo, ndipo inu munaliwerenga ndi maso anu, munagwedeza mutu. Lero mukundiuza kuti nanunso mumakayika?

Ndinafunsa kuti ndi zingati chifukwa ndi mmene timafunsira kuchipatala. Mwana akabwera atadya kanthu, funso loyamba ndi lakuti wadya chiyani, lachiwiri ndi lakuti wadya zingati. Ndi ntchito yanga imeneyo, si ufiti.

Mukuti ana a kumeneko amakula osawalembera. Inde, chifukwa amamva mayinawo adakali kumbuyo kwa amayi awo. Amayi akati siya icho, amamva. Wanga adzamva chiyani? Mudzamuyang'anira bwanji inu muli kumunda wa khofi, alamu ali kuchitsime?

Sindikupempha munda, sindikupempha mbuzi. Ndikupempha tsamba limodzi la pepala. Ngati mukuopa dzanja lanu, musasaine. Ngati mukuopa bokosi la parishi, patsirani munthu wa basi. Mabatire ndagula kale. Kwatsala masabata asanu ndi limodzi, chonde ndachita kugwada.

Gaudensia


Bisanje
14 Malichi 1993

Alamu anga okondedwa,

Moni, moni! Muli bwanji ndi kamwana kathu? Ndine Nanyanzi. Ndikulemba mobisa, pepalali ndang'amba m'kope la mwana, musandiulule. Achimwene anuwo kalata yanu yachiwiri anaiwerenga kamodzi n'kuipinda, ati sayankha munthu wamwano. Ndiye ndati ndikuuzeni ndine zimene zikuchitika kuno, mungamangodikira ngati mvula ya m'chilimwe.

Cholakwika chinayambira pa magalasi. Tsiku limene kalata yanu yoyamba inafika, bambo a kunowa anali atawaiwala kutchalitchi, ndiye anandipatsa ine kuti ndiwerenge mokweza. Tinali pakhonde, azakhali ali pamkeka akusenda matoke. Ine osadziwa kanthu ndikungowerenga mokoma. Nditafika pa "zingati zimene zingaphe munthu wamkulu", mpeni wa azakhali unagwa pansi.

"Bwereza pamenepo," anatero.

Ndinabwereza, chitsiru ine.

"Mayo ine! Uja anatha, tsopano akufuna wina. Wamkulu ndani pano? Si ine?"

Achimwene anu anati, "Azakhali, tsitsani mawu." Koma mukuwadziwa azakhali. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kuchitsime, Lamulungu inali italowa m'tchalitchi.

Shuga wanu uja, alamu, musakwiye, anayamba kudya ndi galu. Azakhali analamula kuti ndiphike phala, ndithiremo masipuni anayi, ndimupatse Poliisi. Masiku atatu tinkamuyang'ana galuyo ngati mkwatibwi. Poliisi sanafe. Wanenepa, ndipo masiku ano phala lopanda shuga amangolinunkhiza n'kuchokapo. Azakhali ati chiphe china chimagwira anthu okha, ndiye shuga wotsalayo ali pamwamba pa kabati, nyerere zikumudya. Nsalu yokha ndiye anavala, ati nsalu salawa.

Ine ndinawachonderera achimwene anu. Ndinati, "Bambo, mwanayo ndi wathu, tsamba limodzi lingatiphe?" Tinakangana mpaka matoke anapserera pamoto. Pomaliza anagamula kuti zilombo ndingalembe, chifukwa palibe angathire njoka mu tiyi wa mnzake, koma zomera ayi. Anandigwiritsa korona ya Mariya kuti ndilumbire, ndipo ndinalumbira. Pepani, lumbiro ndimaliopa.

Ndiye nazi zilombozo. Njoka iliyonse ndi musota. Nswera ndi yakuda ija yofutukula khosi, imalavulira m'maso, imakonda m'khola la nkhuku. Akaiona asayang'ane, atembenuke athawe. Ssalambwa ndi yonenepa yaulesi, ya mawangamawanga, imagona m'masamba ouma a nthochi ndipo sithawa munthu, ndiye m'munda asalowe wopanda nsapato. Nnumba ndi mavu aja omanga pansi pa denga la chimbudzi. Kisaanyi ndi chiyabwe cha ubweya, asachigwire ngakhale chikongole bwanji.

Zomerazo ndidzamuonetsa ndi chala akafika, sindinalumbire za chala. Musadandaule kwambiri.

Mlamu wanu,
Nanyanzi


Nakuru
3 Epulo 1993

Achimwene ndi alamu,

Moni nonse. Kalatayi yabwera ndi Nakitto mwini, pamodzi ndi mayi Achieng, mnzanga wa kuntchito amene wamuperekeza. Muwapatse madzi akumwa, ngati simukuopa kuti nawonso ndawatuma.

Alamu, zikomo. Zilombo zonse waziloweza, akumayimba ngati nyimbo: nswera, ssalambwa, nnumba, kisaanyi. Poliisi mumupatsire moni wanga, ndi yekhayo pakhomopo amene wandikhulupirira.

Popeza mayina a zomera mwandimana, ndachita zimene ndikanatha. Ndamuphunzitsa funso limodzi la Chiganda: "Kya butwa?" Ndamuuza kuti asagwire, asalawe, asanunkhize chilichonse chachilendo asanafunse munthu wamkulu ngati chili chachiphe. Mkulu akati "yee", achisiye athawe. Akati "nedda", ndiye kuti ayi, palibe choopsa. Tayeserera masabata awiri ndi maluwa a pachipatala, ndipo wagwira. Anandifunsa kuti, "Nanga akandinamiza?" Ndinamuyankha kuti amalume sanamiza mwana wa mchemwali wawo.

Ndamupatsanso kope ndi mapensulo a mitundu, kuti chimene mwamuuza kuti n'choopsa azichijambula, alembe dzina pansi, asaiwale.

Ntchito yanu yatsala yochepa, achimwene. Simulemba kanthu, simusaina kanthu. Mawu awiri okha, yee kapena nedda. Ndikhulupirira kuti amenewo sadutsa m'bokosi la parishi.

Sadya nyemba zambiri, zimamupweteka m'mimba. Adiresi yanga ya ku Nairobi ili kuseri kwa pepalali.

Gaudensia


Bisanje
25 Epulo 1993

Gaudensia,

Tilipo, kaya iwe kusukuluko. Mwana anafika bwino, akudya, wayamba sukulu. Ndi waulemu, kugwada waphunzira msanga. Mabatire ndalandira.

Koma iwe, unafuna kundivula pamaso pa anthu? Funso limene unamuika m'kamwa mwanayu latipweteka. Amafunsa chilichonse, paliponse, kwa aliyense. Lamulungu la Pasaka tinaitanidwa kwa a katekisiti. Mayi a pakhomopo anaphika nkhuku ya m'masamba a nthochi, anatsegula bwinobwino n'kumuikira mwanayo pamaso. Iye sanaionepo nkhuku yophikidwa motero. Analoza ndi chala n'kufunsa mokweza, anthu khumi ndi awiri akumva: "Kya butwa?" Mayi aja anaika chipande pansi n'kulowa m'nyumba akulira. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Mpaka lero a katekisiti amandipatsa moni wa kumbali.

Ndiye kope lija. Azakhali anamupeza kuseri kwa khola ndi mlamu wako, akujambula amaduudu, dzina atalemba pansi. Anakuwa kuti, "Si izi! Pepala munakana lija akulilemba ndi dzanja la mwana!" Kope analanda, lili m'sutikesi mwawo. Mlamu wako ndamuletsa zoyenda ndi mwana m'tchire n'kumaloza zinthu, ndipo ndamuuza kuti akabwereza akapumulako kwa makolo ake.

Ine sindikuti uli ndi cholinga choipa. Koma anthu akuyankhula, ndipo ine ndi amene ndimakhala nawo, iwe uli kutali. Choncho ndalamula pakhomo pano kuti akafunsa funso lakelo, aliyense azingoti "nedda". Akaona kuti yankho ndi limodzimodzi, atopa, asiya. Zayamba kale kugwira ntchito, dzulo anangofunsa kawiri kokha. Usade nkhawa, sapita patali ndi nyumba.

Limbikira maphunziro.

Z. Lubyayi


Nairobi
11 Meyi 1993

Achimwene,

Kalata yanu ya pa 25 Epulo yandipeza lero, yatha masiku khumi ndi asanu ndi limodzi panjira. Moni ndidzapereka tsiku lina.

Mwachita chiyani? Mutu wanu ukuyenda bwino? Mwanayo ndinamuuza kuti mukati nedda ndiye kuti adye! Chotsani lamulo limenelo lero lomwe. Muitaneni, mumuuze kuti munkanama, asakhulupirirenso nedda wa munthu aliyense. Ngati zakukanikani, mutsekereni m'nyumba mpaka ndibwere. Ndayesa kuimba lamya ku parishi katatu, siikulowa. Ndapempha tchuthi, andikaniza, ati mayeso ali pafupi.

A katekisiti ndidzawapepesa ndekha, ndidzagwada pakhomo pawo. Koma mwana wanga ayi, achimwene, mwana wanga ayi.

Gaudensia


Kuchipatala cha mishoni
10 Meyi 1993

Alamu,

Ali moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti mtima ukhale pansi, muwerenge zotsalazo. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya ku Kampala kuti akaiponye kumeneko, mwina ifika msanga.

Loweruka m'mawa ine ndinali kuchitsime. Achimwene anu anali pabwalo akuyanika khofi. Nakitto anali kumpanda, pa chitsamba chija munkachisaka dzina. Tizipatso take tapsa mwezi uno, tafiira, ndipo ndinali ndisanamuonetse chifukwa cha chiletso chija. Anathyola phava limodzi, anayenda mpaka pamene panali amalume ake, anagwada mwaulemu, anafunsa. Iwo eni ake andiuza kuti sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti "nedda", akupitiriza kufalitsa khofi.

Pamene ndinkafika ndi mtsuko, ndinamupeza kuseri kwa khitchini atagwira pamimba, akusanza, thovu lili kukamwa, milomo ili yofiira. Ndinakuwa. Ndinamufunsa kuti wadya chiyani, iye anangoloza phesi lili pansi, n'kunena m'Chiganda chake chothyokathyoka kuti, "Amalume anati nedda."

Alamu, sindinaonepo mwamuna wanga akuthamanga chotero. Anamumangirira kumbuyo kwanga ndi nsalu, tonse atatu pa njinga imodzi, phiri lonse lija osatsika. Mwana anatsegula m'mimba njira yonse, pofika anali atalefuka ngati nsanza. Asisitere anafunsa kuti wadya chiyani. Achimwene anu anatchula dzina, mokweza, pamaso pa anthu onse a pamzere. Asisitere anafunsanso kuti wadya zingati. Pamenepo achimwene anu anangokhala pansi pasimenti. Ndinachita kuwerenga ndine timapesi totsala pa phava lija, ndinali nditalitenga.

Amuika madzi a m'botolo, mabotolo anayi tsopano. Lero wamwako tiyi pang'ono. Adokotala ati akanachedwa ola lina, bwenzi tikunena zina. Mwanayo akufunsa inu.

Azakhali anabwera dzulo ndi kope lija, analiika pabedi, n'kutuluka. Chala ndinali nacho, pakamwa ndinali napo, ndinaopa kubwezedwa kwathu. Bwerani.

Nanyanzi


Bisanje
2 Juni 1993

Mchemwali wanga,

Ndikhulupirira munafika bwino ku Nakuru. Masiku anayi amene unakhala kuchipatala kuno sunandiyang'ane, ndipo pamene unkakwera basi ndi mwana sunanditsanzike. Sindikudandaula, ndi zondiyenera. Kalata yako ya pa 11 Meyi inafika iwe utapita kale. Ndaiwerenga kambirimbiri.

Nazi zimene unapempha mu Januwale.

Luwoko. Ndi chitsamba cha kumpanda chija, chimayanga pa zinzake, masamba osalala, tizipatso ta m'phava tofiira tikapsa. Ukatifikisa m'madzi timachita thovu. Chonse n'choipa, masamba, mizu ndi zipatso, chimapha ndi ng'ombe yomwe. Nakitto anadya tokwana dzanja lake limodzi. Ndadula chonse, ndakumba mizu, ndatentha.

Amaduudu ukuwadziwa. Chipatso chake n'chaminga, njere zakuda za m'katimo zimazunguza mutu, munthu amabwebweta osazindikira abale ake.

Nsiiti ndi tinjere tofiira ta diso lakuda, timayanga kumanda kwa bambo. Ana amakonda kuseweretsa. Kamodzi kokha kotafunidwa n'koopsa.

Nsogasoga ndi nsatsi, ili kudzala. Njere zake zimaoneka ngati nyemba zamawanga.

Nkoni ndi mpanda wobiriwira wopanda masamba uja wa kukhola. Utomoni wake woyera ukalowa m'maso, munthu saona masiku angapo.

Muluku ndi kamtengo ka maluwa oyera kamene anthu amaphera nsomba, kali m'malire ndi munda wa a katekisiti.

Palinso chinangwa chowawa cha kumunsi, chosadyeka chachiwisi, ndi bowa aliyense amene mlamu wako sanamuone ndi maso ake.

Zoti ndi zingati zingaphe munthu wamkulu sindikudziwa, ndikanadziwa ndikanalemba. Ndalemba mapepala awiri ofanana. Linalo ndinaliwerenga ndekha kutchalitchi Lamulungu, pa nthawi ya zolengeza, ndipo ndinanena chifukwa chake, ndi zimene ndinamuyankha mwana. Ena anaseka, ena anang'ung'udza. Pepalalo ndapereka kwa aphunzitsi. Kalatayi ndaiponya m'bokosi la parishi, aliyense wofuna atsegule.

Ngati n'kotheka, undiuze mmene alili.

Ndine mchimwene wako, ndasaina dzina lonse,
Zaveriyo Lubyayi


Nakuru
21 Juni 1993

Achimwene,

Moni kwa inu, kwa alamu ndi ana. Azakhali muwauze kuti kope tinalipeza m'chikwama.

Mndandanda wanu wafika Lachisanu. Ndi wolembedwa bwino, dzanja lanu ndi lokongola ngati kale. Ndawerenga ndi wotchi, ndi mphindi ziwiri zokha. Luwoko. Dzina limene ndinalisaka miyezi isanu ndi limenelo, ndipo nditaliona ndinamva mawu a amayi akulitchula kumpanda kuja. Nakitto sindinafunike kumuphunzitsa limenelo, akulidziwa kuposa tonsefe.

Maphunziro anatha. Ndinachoka popanda chilolezo, malo anga anapatsa wina. Ndabwerera ku wodi yanga yakale. Zimenezo sindikukuwerengerani, ndikanachokanso ngakhale kawiri.

Mwafunsa mmene alili. Thupi likubwerera, dokotala ati chiwindi ndi impso zili bwino. Koma kudya ndi nkhondo. Wabwerera ndi funso lake lija, ndipo tsopano amafunsa chilichonse, ngakhale buledi, ngakhale madzi. Dzulo ndinamusendera nthochi yakupsa, nthochi wamba ya pamsika imene wakhala akudya chibadwire. Anaiyang'ana n'kundifunsa, "Kya butwa?" Ndinati, "Nedda, mwanangu." Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali, n'kuikankhira kwa ine.

Ndiye masiku ano timadya chonchi. Ndimaluma ine poyamba, ndimatafuna iye akuona, ndimameza, ndimatsegula kukamwa kuti aone kuti ndamezadi. Kenako amadikira pang'ono, akundiyang'anitsitsa ngati mmene munkamuyang'anira Poliisi. Akaona kuti sindinagwe, ndiye amadya.

Zaka ziwiri abale a Kasule ankafuna kuti ndizilawa chakudya pamaso pawo ndisanawapatse, ndipo ndinakana, ndinati ndife kaye. Azakhali anandiyesa ndi galu, ndinaseka. Lero ndikulawa katatu pa tsiku, m'nyumba mwanga, pamaso pa mwana amene ndinabereka ndekha.

Mwapempha kuti ndikukhululukireni, ngakhale simunalembe mawuwo. Ndidzayesa, achimwene, koma si lero. Tsiku limene adzalandire nthochi m'dzanja langa n'kudya osandiyang'ana, ndidzakulemberani.

Shuga uja mutsitse pakabati, mupatse ana amwere tiyi.

Gaudensia Nabukenya